Kutsatira Mwera: Kuchoka ku Dedza Kutsikira ku Mtakataka

Lolemba, pa boma la Dedza

Sukulu tatsekera Lachisanu lapitali, ndipo lero ndauyamba ulendo umene ndakhala ndikuwalonjeza malume anga kwa zaka zitatu. Iwo ndi asodzi, amakhala kunsi kwa mapiri kufupi ndi Mtakataka, kumene anakwatira kalekale. Ine ndimaphunzitsa jogalafe kufupi ndi Bembeke. Chaka ndi chaka ndimajambula mivi ya mphepo pa bolodi, ana n'kumakopera m'makope mwawo, koma mwera ukuwomba pamadzi ndinauona komaliza ndili mu Sitandade 6. Chaka chino ndati ndikauone ndi maso.

Ndagona kwa achimwene kuno ku boma kuti mawa tilawire pamodzi ndi alamu anga, amene amaoda usipa kunyanja n'kumagulitsa mumsika. Tsiku lonse dzuwa silinatuluke. Phiri la Dedza, lija lotalika mamita 2,198, lafunda chifunga mpaka m'mitengo ya paini ya m'munsi, ndipo mvula yamawawa ikungogwa osaleka, yosanyowetsa nthaka koma yolowa mpaka m'mafupa. Anyamata a kabaza avala majekete awiriawiri. Pa chiwaya cha tchipisi anthu aunjikana, manja atayatsa pamoto.

Madzulo tikudya nsima, alamu anasuzumira panja n'kunena kuti, "Kukachita chonchi kuno, kunyanja kwavuta. Usipa ukwera mtengo, mudzaona alamu." Iwo mapu a zanyengo sanawaonepo, koma anena zoona zenizeni. Chiperoni cha kumapiri kuno ndi mwera wa kunyanja ndi ana a mimba imodzi, ndipo mayi wawo ali kutali, pa nyanja yamchere ya India imene ambiri a ife sitinaipondepo.

Kum'mwera cha kum'mawa kwa Madagascar kuli dera lalikulu la mpweya wolemera limene akatswiri amalitcha Mascarene High, potengera zilumba za Mauritius, Réunion ndi Rodrigues. M'miyezi yozizira limakula mphamvu n'kusendera chakuno. Mpweya umatuluka m'menemo ukuzungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi, choncho ukamafika kugombe la Mozambique umakhala ukuchokera kum'mwera cha kum'mawa, utasenza chinyontho cha m'nyanja. Nthawi zina mpweya wina wolemera umadutsa ku South Africa n'kukankhira mphepo yozizira chakumpoto motsata gombe lomwelo, ndiye pamene kumazizira masiku atatu kapena anayi otsatizana. Mphepoyi ikakumana ndi mapiri imakwera, imazizira, chinyontho chija n'kusanduka chifunga ndi mawawa. Dzina loti chiperoni linachokera ku phiri la Chiperone la ku Zambezia, kuseri kwa Mulanje, chifukwa anthu a ku Thyolo ndi Mulanje ankaona mitambo ikutulukira kumeneko. Ife a ku Dedza chimatipeza chifukwa tili pamwamba, pafupifupi mamita 1,600.

Mphepo yomweyo ikatsikira m'chigwa cha nyanja yathu imapeza njira yosalala yopanda chotchinga, mapiri uku ndi uku. Imeneyo ndiyo ndikukaiona mawa.

Lachiwiri, kutsika Khwekhwerere

Tanyamuka mbandakucha, alamu atanyamula matumba opanda kanthu ndi dengu. Minibasi inatisiya pa Masasa, pamene msewu wopita ku Golomoti umapatukira. Chifunga chinali chakuti galimoto zimayenda zitayatsa nyali, ndipo amayi ogulitsa kachewere ndi kabichi anali atadzikulunga zitenje mpaka kumutu.

Msewu wa Khwekhwerere ndi wa makona okhaokha, dalaivala phazi lili pa buleki. Titatsika makona angapo tinangoona chifunga chang'ambika ngati nsalu, ndipo chigwa chonse chinaonekera: minda youma, njanji, nyanja ili mbuu patali, ndi mapiri a ku Nankumba kutsidya. Ndinayang'ana kumbuyo. Mtambo unali utakhala pamwamba pa phiri ngati nduwira, osatsika nafe. Mpweya ukamatsika phiri umapanikizika, umafunda, chifunga n'kusungunuka. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja yamchere, kutanthauza kuti tatsika mamita oposa 1,000 mu ola limodzi, ndipo pofika pa Golomoti jekete linali pamiyendo. Paini watha, kwayamba malambe.

Pa Golomoti ndinaona koyamba munda uja wa magalasi a magetsi a dzuwa umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Pa Mua sitinaime. Alamu anali pachangu, ngakhale ine mtima unkafuna kulowa ku Kungoni, malo osungirako za chikhalidwe amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 pa mishoni ija ya 1902. Ndidzapitako ulendo wina.

Kuchoka pa Mtakataka tinakwera njinga zamoto kulowera kunyanja. Mphepo inkatimenya kuchokera kudzanja lamanja, mchenga ukulowa m'maso. Malume tinawapeza pansi pa mtengo akusoka ukonde, chala chachikulu cha kuphazi chitakoka chingwe. Ndinagwada kuwapatsa moni.

"Mwafika aphunzitsi," anatero akuseka. "Mwabwera ndi mphepo yanu ya kumapiri. Lero ndi tsiku lachitatu maboti ali pamchenga."

Pa dooko panalidi zii. Mabwato atawagadabuza, maboti a matabwa atawakokera kumtunda, mathandala oyanikira usipa ali mbee. Alamu anangogwira m'chiuno osanena kanthu.

Madzulo malume anandiimika pagombe n'kundilozera mbali zinayi. Mwera wochokera kum'mwera, wa miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala. Mpoto wochokera kumpoto, umene umabwera kukayamba kutentha ndi nthawi ya dzinja. Vuma wochokera kum'mawa. Zambwe wochokera kumadzulo, kumapiri kwathu. Mayina amenewa ali m'buku la ana anga a sukulu, koma malume akamawatchula amakhala ngati akunena za anansi awo, aliyense ndi khalidwe lake.

Lachitatu, pa dooko

Tsiku lonse ndakhala pamchenga ndi asodzi. Ntchito ya lero ndi kusoka chilimira, ukonde waukulu wogwirira usipa, kumata phula m'ming'alu ya maboti ndi kusewera bawo. Mmodzi anati kuona maso a nkhono n'kudekha, anzake n'kuvomera.

Ndinawafunsa malume kuti amadziwa bwanji kuti lero sikolowa. Anandiuza kuti ndiyang'ane kutali, osati pafupi. Pafupi ndi gombe mafunde amanyenga. Kutali, pamene madzi amada, ukaona thovu loyera likutuwa apo ndi apo, boti la injini likhoza kupita koma wa bwato asamale. Ukaona thovu lili ponseponse ngati thonje m'munda, khala pansi. Ndiye pali mitambo yaing'onoing'ono yothamanga kuchokera kuseri kwa Nankumba m'mamawa, ndi kuzizira kwina kumene amati amakumva m'mawondo usiku mwera usanafike.

Ndinadabwa, chifukwa zimene amanenazi zikufanana ndi muyezo wa mphepo umene Francis Beaufort, msilikali wa pamadzi wa ku Britain, anauyambitsa mu 1805. Muyezo wake umayambira pa 0, bata lenileni, kufika pa 12, namondwe woopsa, ndipo mpaka lero amalinyero amauwerenga poyang'ana nkhope ya madzi. Pa 3 thovu limayamba kuoneka apo ndi apo, mphepo ikuthamanga makilomita 12 mpaka 19 pa ola. Pa 5 thovu lili paliponse. Pa 6 mphepo yafika makilomita 40 mpaka 50 pa ola ndipo mafunde ndi akuluakulu. Lero, mwa kuona kwanga, tinali pa 5. Malume manambalawo anawamvetsera bwinobwino kenako anati, "Ndiye kuti mzunguyo analinso msodzi."

Chimene ndaphunzira kwambiri lero ndi ichi. Ine ndinkaganiza kuti mwera ndiye mfumu ya mafunde pa nyanja yonse. Malume anakana. "Kuno mwera umatilepheretsa ntchito, inde, umagubuduza mabwato, inde. Koma mafunde ogumula makoma a nyumba za m'mphepete amabwera ndi mpoto. Mwera ukafuna kuuona ukali wake weniweni pita ku Nkhotakota, ku Nkhata Bay, ku Usisya."

Ndinakhala chete n'kuganiza, kenako zinalumikizana. Kukula kwa funde kumadalira zinthu zitatu: mphamvu ya mphepo, nthawi imene yakhala ikuwomba, ndi mtunda wa madzi umene yadutsa popanda chotchinga. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita pafupifupi 580 kuchoka kum'mwera kukafika kumpoto. Ife pano tili ku mchira wa kum'mwera, ndipo mwera umatipeza utangochoka pamtunda, utadutsa madzi ochepa. Ukamapita kumpoto funde limanka likula chifukwa mphepo ikulikankhabe. Mpoto ndiye umabwera utayenda nyanja yonse, n'kudzatula katundu wake kuno. Sitima ya Vipya inamira pa 30 Julayi 1946, nyengo ngati inoyi, kumpoto kufupi ndi Chitimba kumene azungu ankakutcha Florence Bay, ndipo anthu 145 anathera m'madzi. Malume nkhaniyi anaimva kwa bambo awo, ndipo akamaikamba amatsitsa mawu.

Palinso china chimene alosi a zanyengo za panyanja amadziwa, chimene ndikufuna msodzi aliyense atachimva. Chenjezo likati mafunde afika mamita 2, sakunena za funde lalikulu kuposa onse ayi. Amatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a mafunde, lija la akuluakulu, n'kupeza msinkhu wapakati pake. Ndiye kuti pakati pa mafunde amenewo likhoza kudzuka limodzi lotalika pafupifupi kawiri. Nditafotokoza izi, mkulu wina amene amasewera bawo anasiya njombwa m'manja nati, "Limenelo ndi limene limapha. Umati ndawazolowera, kenako limabwera lachilendo." Komanso mafunde a nyanja yathu ndi afupiafupi, otsatizana, ochita chiphiri. Pa nyanja yamchere funde lochokera kutali limatha kutenga masekondi 12 kapena 15 linzake lisanafike, sitima n'kukwera ndi kutsika mofatsa. Kuno lina likamakutula linzake lakufika kale pamphuno ya boti.

Masana foni yanga inalira. Unali uthenga umene mphunzitsi mnzanga amatumiza pa gulu lathu la WhatsApp, wochokera ku Nthambi Yoona za Nyengo ndi Kusintha kwa Nyengo ku Blantyre: mwera upitirira kuwomba mwamphamvu pa nyanja zathu mpaka Lachisanu, oyenda pamadzi asamale. Ndinawawerengera onse amene anali pansi pa mtengo. Ena anagwedeza mitu, ena anati anamvako pa wailesi m'mamawa. Mnyamata wina anati, "Mpaka Lachisanu? Nanga ana adya chiyani?" Palibe anamuyankha.

Lachinayi

M'mawa ndinacheza ndi mlovi wina wa m'boti la malume, bambo wamng'ono thupi, wolankhula Chilomwe akakhala ndi mnzake. Kwawo ndi ku Phalombe. Anabwera kuno mu 2023 namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ndi munda. Anandiuza kuti usiku umenewo anamva phiri likulira ngati ndege, ndipo pofika m'mawa pamene panali chimanga chake panali miyala yaikulu ngati nkhokwe. Ana anapulumuka. Za ena a pamudzi sanafune kunena zambiri, ndipo sindinamukakamize.

Kenako anandifunsa, "Aphunzitsi, chinthu chimene chija chimachokera kuti kwenikweni? Ife nyanja yamchere tilibe."

Ndinatola kamtengo n'kujambula pamchenga: Malawi, Mozambique, Madagascar, ndi madzi a pakati pawo amene amatchedwa Mozambique Channel, mpaka Australia kutali uko. Namondwe wotere amabadwira pa madzi ofunda, osachepera madigiri 26 kapena 27. Madzi amatulutsa nthunzi, nthunzi imakwera n'kusanduka mitambo, ndipo ikamasanduka mitambo imatulutsa kutentha kumene kumakokanso mpweya wina kuchokera m'mbali. Kuzungulira kwa dziko kumaupotoza mpweyawo, ndiye kuno kum'mwera namondwe amazungulira motsata mivi ya wotchi, pakati pake pali diso la bata. Nyengo yake ndi Novembala mpaka Epulo. Mphepo yake ikafika makilomita 63 pa ola amamupatsa dzina, ikafika 118 ndiye wakhwima. Amene amalondera anamondwe a chigawo chathu chino ndi akatswiri a Météo-France pa chilumba cha Réunion. Iwo amayang'ana zithunzi za masetilaiti, ena mwa iwo otha kuyeza mphepo poona makwinya a pamwamba pa madzi, ndipo namondwe akakhalapo amatulutsa uthenga maola 6 aliwonse. Uthenga umenewo ndi umene umathandiza akatswiri athu ku Blantyre potichenjeza.

Freddy anapatsidwa dzina ndi a ku Australia pa 6 Febuluwale 2023. Anawoloka nyanja yonse ya India, anamenya Madagascar pa 21 Febuluwale, analowa ku Mozambique kufupi ndi Vilankulo pa 24, anafooka, kenako anabwereranso pamadzi ofunda a mu Channel n'kutolanso mphamvu. Pa 11 Malichi analowanso pamtunda kufupi ndi Quelimane, ndipo mvula yake ndi imene inagwetsa mapiri ku Soche, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Anakhala masiku 36, ndipo bungwe la zanyengo la dziko lonse linatsimikiza kuti palibe namondwe wina wolembedwa amene anakhalitsa chotero. Kuno kwathu anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Namondwe akachoka pamadzi mphepo yake imafooka chifukwa chakudya chake chatha, koma madzi amene wasenza amakawakhuthula pa mapiri athu. Ndi zomwe zinachitikanso ndi Ana mu Januwale 2022, pamene Shire anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ife ku Dedza n'kumagona mumdima miyezi yambiri.

Bamboyo anayang'ana chojambulacho nthawi yaitali. Analoza mtunda wa pakati pa Australia ndi Madagascar nati, "Ndiye kuti masiku onsewa anthu ankachiona chikubwera." Ndinati inde. Iye anati, "Ife tinamva pa wailesi kuti kubwera mvula yambiri. Mvula yambiri timaidziwa. Sitinadziwe kuti phiri likhoza kuyenda." Mawu amenewa andikhala pamtima tsiku lonse.

Tsopano ndikulemba usiku, ndipo mtima suli m'malo.

Dzuwa litapendeka mphepo inagwa. Pofika kachisisira nyanja inali itachita bata, madzi akungonyambita mchenga. Pa dooko panadzuka chipwirikiti: zigubu za petulo, mabatire a nyali, mabwato ang'onoang'ono akukwezedwa pamaboti. Ndinawakumbutsa malume za chenjezo la dzulo. Iwo anayang'ana kum'mwera, ananunkhiza mphepo, nati, "Wangopuma uyu, sanathe. Langa silipita." Alovi awo anadandaula koma anamvera.

Maboti asanu anapita. M'limodzi mwa iwo muli msuweni wanga, mwana wachiwiri wa malume, amene ndi siginala m'boti la munthu wina. Siginala ndi amene amakhala yekha m'kabwato ndi nyali kukopa usipa, mpaka anzake atazunguliza chilimira. Ali ndi ngongole ya feteleza ndipo mkazi wake ndi woyembekezera. Malume anamuletsa kawiri. Iye anati, "Bambo, masiku asanu osalowa. Tibwerako mwezi usanatuluke." Jekete lodzitetezera m'madzi m'boti lonselo munalibe.

Nyali zawo zinkaoneka patali ngati tauni yoyandama. Cha m'ma 11 koloko denga la malata linayamba kulira. Mwera wabwerera.

Lachisanu

Tulo sitinatione. Akazi awo a malume anakoleza moto pagombe kuti obwerera aone pokocheza, ndipo amayi ena anabwera n'kukhala nawo, zitenje kumutu, osalankhula. Nyali za panyanja zinkazima imodziimodzi, ndipo sitinkadziwa ngati azimitsa okha kapena ayi. Malume anaima m'madzi ofika m'mawondo, tochi m'manja.

Boti loyamba linafika tambala asanalire, anthu akukapa madzi ndi zigubu zodula. Lachiwiri ndi lachitatu anafika pamodzi. Lachinayi linafika kukuyera, litataya kabwato kamodzi ndi nyali zake, koma anthu onse alimo. La msuweni wanga silinaoneke.

Dzuwa linatuluka, linakwera. Foni ya mwini boti imene anapita nayo sinkapezeka. Mkazi wa msuweni wanga anakhala pa bwato logadabuza, manja pamimba, maso kunyanja, osalira n'komwe. A komiti ya pa dooko anayamba kuimbira anzawo a madooko ena. Malume anandikokera pambali nati, "Ngati injini inazima ndipo boti silinagubuduke, mwera wawatengera uko," akuloza kumpoto cha kumadzulo, mbali ya Chipoka. Anawauza a komiti kuti ayambe kufunsa kumeneko, asataye nthawi ndi madooko a kum'mwera.

Dzuwa lili paliwombo foni ya malume inalira, nambala yachilendo. Anali iye. Funde linalowa m'boti n'kuzimitsa injini, foni inanyowa, ndipo usiku wonse anagwira nkhafi kuti mphuno ya boti iziyang'ana kumene mafunde akuchokera, ena akukapa madzi. Mphepo inawakankha mpaka anakatsakamira m'bango, mbali yomweyo imene malume analoza. Onse asanu ndi anayi ali moyo. Apo ndi pamene mkazi uja analira, ndipo amayi anzake anamugwira.

Anafika madzulo pa njinga zamoto, milomo itasweka, zikhatho zili matuza okhaokha. Anagwada pamaso pa bambo ake. Malume sanamukalipire. Anangoti, "Kadye, ukagone."

Usiku uno ndakhala ndikuganiza za ulendo wa chenjezo lija. Linayambira pa setilaiti yoyang'ana nyanja ya India, linadutsa m'makompyuta, akatswiri athu analiwerenga bwino n'kunena kuti mpaka Lachisanu, ndipo zinachitikadi momwemo. Linayenda makilomita zikwizikwi osasochera. Pamene linavutikira ndi pa mamita 50 omaliza, kuchoka pansi pa mtengo kufika pa boti. Mwa amene anapita, ena sanalimve chifukwa nthawi ya nkhani pa wailesi amakhala akugona, poti ntchito yawo ndi ya usiku. Ena analimva koma anaona bata ndi maso awo, ndipo palibe anawauza kuti mwera umatha kugona madzulo n'kudzukanso pakati pa usiku mpweya wolemera uja usanachoke. Ena, monga msuweni wanga, zonse ankazidziwa, koma ngongole inalankhula mokweza kuposa wailesi. Amenewa sindingawaweruze ine wolandira malipiro pakutha pa mwezi. Koma jekete lodzitetezera m'boti lililonse, foni yokulungidwa m'pulasitiki, ndi mbendera yofiira pa dooko tsiku la chenjezo, izi si zinthu zodikira chaka chamawa. Ndawauza a komiti maganizo amenewa ndipo wapampando wati akakambirana pa msonkhano wawo.

Loweruka

Kwacha bata lenileni. Malume anadzuka, anayang'ana kum'mwera, nati, "Tsopano wapita." Uthenga wa pa foni unagwirizana nawo. Madzulo a lero maboti onse alowa, la malume lomwe.

Masana ndinasamba m'nyanja ndipo madzi anali ozizira kuposa mmene ndinkayembekezera. Malume anati ndi mmene amakhalira mwera ukawomba masiku ambiri, ndipo anawonjeza kuti chaka chopanda mwera wokwanira usipa umakhala wochepa. Apanso sayansi ikuvomereza. Mwera umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kuno kum'mwera madzi ozizira a pansi amakwera kudzatseka malowo, atanyamula chonde chimene chinamira. Chondecho chimameretsa ndere zosaoneka ndi maso, tizilombo ta m'madzi timadya nderezo, usipa umadya tizilomboto, ndipo mcheni ndi kampango zimadya usipa. Nyanja yathu ndi yakuya mamita pafupifupi 700 kumpoto, ndipo kupitirira mamita 250 kunsi kulibe mpweya woti nsomba n'kupuma, choncho chonde chambiri chimangokhala kumeneko. Mbali ya kum'mwera ino, yosaya komanso yotakasidwa ndi mwera, ndi imene imapha nsomba zambiri m'dziko muno. Mphepo imene yatigoneka panja usiku wa Lachinayi ndi yomweyo imene imadzaza mathandala.

"Walira mvula walira matope," anatero malume nditawafotokozera, n'kupitiriza kuthira mafuta mu injini.

Lamulungu, pa Masasa

M'mamawa dooko linali lina. Maboti akukocheza motsatizana, amayi akuthamanga ndi mabeseni, ana akutola usipa wogwa pamchenga, mathandala akung'anima ngati ndalama zasiliva. Alamu anatsala kuti awo aume kaye, abwera Lachitatu. Ine akazi awo a malume andimangira kaphukusi ka usipa wofutsa ndi utaka pang'ono.

Ndisananyamuke tinapangana ndi malume. Uthenga wa mwera kapena wa namondwe ukangofika pa foni yanga, ndiziwaimbira nthawi yomweyo, ndipo msuweni wanga, amene wagula foni ina yakale kwa mnzake, ndizimutumizira mawu ojambula kuti aziwaseweretsa pansi pa mtengo paja dzuwa lisanalowe. Iwonso aziti akaona mitambo yothamanga kuseri kwa Nankumba azindiuza, ndizilemba m'kope tsiku ndi tsiku pamodzi ndi zimene ndikuona ku Bembeke. Kope limenelo ndikufuna ana a Fomu 3 adzaliwerenge sukulu ikatsegulidwa. Mlovi wa ku Phalombe uja wandipempha kuti ndidzamubweretsere mapu enieni a pepala, oonetsa Madagascar, akawasonyeze ana ake.

Pokwera Khwekhwerere galimoto inkalira giya yoyamba, ndipo pa kona iliyonse kumazizirirako. Ndavalanso jekete tisanafike pamwamba. Pano pa Masasa kumwamba kuli mbee, dzuwa likuwala pa minda ya kachewere, koma kum'mwera, mbali ya Lizulu, kwayamba kuoneka kamtambo kotuwa kokwawa pamwamba pa mapiri. Ndawaimbira malume. Ati nawonso akuona, ndipo maboti a lero abwerako msanga.